Chambo ndi Nsomba, Mlamba ndi Nsomba: Kodi Chambo ndi Mlamba?

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima kupita ku Nkhotakota amapadziwa pa mlatho wa Chia. Apa ndi pamene madzi a nyanja yaing'ono ya Chia amakumana ndi a Nyanja ya Malawi, makilomita oposa 20 kumwera kwa boma la Nkhotakota, ndipo galimoto ikangoima, ogulitsa nsomba amaizungulira. Tiyerekeze kuti munthu wina watsika pamenepo nauza mayi wogulitsa kuti: "Amayi, chambo ndi nsomba, mlamba nawonso ndi nsomba, choncho chambo ndi mlamba. Ndipatseni chambo pa mtengo wa mlamba." Msika wonse ungafe nalo phwete, ndipo ngakhale mwana wa sitandade 2 angamuuze kuti nzeru zake zaphonya.

Komatu mfundo ziwiri zoyambazo n'zoona. Chambo ndi nsombadi, mlamba ndi nsombadi. Nanga bodza lalowera pati? Funsoli likuoneka ngati lamasewera, koma ife akhristu ndi aphunzitsi a chikhulupiriro tiyenera kuliyankha bwino, pakuti kaganizidwe komweko kamene timakaseka pa nsomba timakavomereza mosavuta tikamakamba za anthu anzathu. Ndipo pamenepo sipakhala kuseka ayi: mbiri ya munthu imaonongeka, nyumba zimatenthedwa, ena amataya moyo.

Ntchito ziwiri za liwu limodzi

Gwero la vutoli ndi liwu laling'ono lakuti "ndi". Timalitchula kambirimbiri pa tsiku osaliganizira, koma limagwira ntchito ziwiri zosiyana kwambiri.

Ntchito yoyamba ndi kulowetsa chinthu m'gulu. Tikanena kuti "chambo ndi nsomba", tikutanthauza kuti chambo chili m'gulu lalikulu momwe mulinso usipa, utaka, kampango, mpasa ndi ntchila. Tikanena kuti "Chia ndi nyanja", tikuika Chia pamodzi ndi Chilwa, Chiuta ndi Malombe. Gulu lili ngati mtanga: mumalowa zinthu zambiri, koma kukhala mu mtanga umodzi sikusandutsa zinthuzo kukhala chinthu chimodzi.

Ntchito yachiwiri ndi kunena kuti maina awiri akuloza chinthu chimodzi. Nyanja imene ife timaitchula kuti Malawi, anzathu a ku Tanzania amaitchula Nyasa ndipo a ku Mozambique amati Niassa. Tikati "Nyanja ya Malawi ndi Nyanja ya Nyasa", palibe mtanga uliwonse. Maina ndi awiri, koma madzi ndi omwewo.

Chiyankhulo chathu chimatha kusiyanitsa ntchito ziwirizi ngati tifuna. Tikati "bambo awa ndi msodzi", tikunena kuti ndi mmodzi mwa asodzi ambiri. Tikati "bambo awa ndiwo mwini wa khoka lija", tikunena za munthu mmodzi yemweyo. Mawu akuti "mmodzi mwa" ndi mawu akuti "yemweyo" ndiwo mafungulo a nkhani yonseyi. Vuto n'lakuti poyankhula mofulumira timawameza onse awiri, n'kutsala ndi "ndi" yekha.

Akazi awiri a mwezi

Msodzi wa ku Chia akamabwerera kumtunda mbandakucha, miyezi ina amaona nyenyezi yowala kwambiri kum'mawa, pamwamba pa nyanja. Imeneyi ndi Nthanda. Miyezi inanso nyenyezi yowala chimodzimodzi imaoneka madzulo kumadzulo, cha ku mapiri a ku Ntchisi. Makolo ena a Chinyanja ankasimba kuti mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, amene sadyetsa bwino mwamuna wake kotero kuti mwezi umaonda, ndi Puikani wa kumadzulo, amene amamudyetsa mpaka kunenepa.

Nthanoyi ndi yokoma, ndipo ikusonyeza kuti makolo athu ankapenyetsetsa thambo. Koma akatswiri a zakuthambo anatsimikiza kalekale kuti nyenyezi ya m'mawa ndi ya madzulo ndi chinthu chimodzi, pulaneti yotchedwa Venus, imene imazungulira dzuwa monga momwe dziko lathu limachitira. Akazi awiri aja ndi mkazi mmodzi wa maina awiri.

Mu 1892, katswiri wa masamu ndi kaganizidwe wa ku Germany, Gottlob Frege, anagwiritsa ntchito chitsanzo chomwechi. Iye anaonetsa kuti kunena kuti nyenyezi ya m'mawa ndi Venus n'kosiyana ndi kunena kuti nyenyezi ya m'mawa ndi pulaneti. Chiganizo choyamba chikunena za chinthu chimodzi, chachiwiri chikulowetsa chinthucho m'gulu momwe mulinso Mars ndi Jupiter. Zaka pafupifupi 200 Frege asanalembe zimenezi, katswiri wina, Gottfried Leibniz, anali ataphunzitsa kuti ngati maina awiri akuloza chinthu chimodzi, chilichonse choona pa choyamba chiyenera kukhala choonanso pa chachiwiri. Kuya kwa Nyanja ya Malawi ndiko kuya kwa Nyanja ya Nyasa. Koma za gulu sizili choncho: chambo chili ndi mamba, mlamba ulibe mamba, ngakhale zonse ndi nsomba.

Muyeso wosavuta: tembenuzani chiganizo

Pali njira yachidule yodziwira ntchito imene liwu lakuti "ndi" likugwira. Ingotembenuzani chiganizocho, chakumapeto chibwere kumayambiriro. "Lilongwe ndi likulu la Malawi." Tikatembenuza: "Likulu la Malawi ndi Lilongwe." Zonse ziwiri n'zoona, monga zakhalira kuyambira mu 1975. Apa tikunena za chinthu chimodzi. Tsopano tiyese china: "Lilongwe ndi mzinda." Tikatembenuza: "Mzinda uliwonse ndi Lilongwe." Anthu a ku Blantyre, Zomba ndi Mzuzu sangavomere. Apa tikunena za gulu.

Chiganizo cha chinthu chimodzi chili ngati mlatho wa Chia, umene munthu amaoloka popita ndi pobwera. Chiganizo cha gulu chili ngati mono: nsomba imalowa, koma siingatulukire pomwe inalowera. Amene amafuna kubwerera chammbuyo kudzera pa chiganizo cha gulu ndiye amagwa m'misampha imene tiifotokoze tsopano. Luso lozindikira misampha yotereyi ndi lakale kwambiri. Aristotle wa ku Greece, amene anamwalira zaka 322 Khristu asanabadwe, analemba buku lonse lofotokoza mfundo zooneka ngati zoona pamene zili zabodza, ndipo mpaka lero luso limeneli ndi gawo la maphunziro a filosofiya, onga amene ofuna unsembe amachita ku seminale ya Kachebere.

Msampha woyamba: "onse ali mu mtanga umodzi"

Uwu ndi msampha wa chambo ndi mlamba uja. Zinthu ziwiri zili m'gulu limodzi, ndiye munthu akuti ndi chinthu chimodzi. Tamvani momwe umamvekera pakati pathu: "Anthu amati mfiti zimakhala nkhalamba zosungulumwa. Agogo aja ndi nkhalamba yosungulumwa. Ndiye kuti ndi mfiti." Kapena: "Wakuba uja anali mlendo wovala chipewa. Uyu ndi mlendo wovala chipewa. Mugwireni!"

Ngakhale tikanavomereza mfundo yoyamba, imene payokha ilibe umboni, mathero ake sakutuluka m'mfundozo. Gulu la okalamba ndi lalikulu, ndipo tonsefe tikulowera komweko ngati Mulungu atipatsa masiku. Gulu la alendo ovala zipewa ndi lalikulunso. Kupezeka m'gulu lalikulu si umboni wa mlandu uliwonse.

Dziko lathu lalirapo kale chifukwa cha msampha umenewu. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi khamu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphezi. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kumwera, anthu angapo anaphedwa chifukwa chakuti anali achilendo pa malopo kapena ananyamula chikwama chimene anthu anachikayikira. Lamulo la dziko lino lokhudza za ufiti, limene linakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma lamulo limafika mochedwa ngati kaganizidwe kathu kagamula kale mlandu.

Msampha wachiwiri: "mmodzi akuimira onse"

Msampha wachiwiri ndi kutenga zochita za munthu mmodzi n'kuzisenzetsa gulu lonse. Msodzi mmodzi wamwera ndalama zonse za nsomba, ife n'kumati "asodzi ndi zidakwa". Wogulitsa mmodzi wapatsa mlendo makumba m'malo mwa chambo, ife n'kumati "a pa Chia ndi akathyali". Apa tatembenuza chiganizo chosatembenuzika: kuchoka pa "uyu ndi mmodzi mwa iwo" tafika pa "iwo onse ndi uyu".

Mbiri ya Nkhotakota ikutiphunzitsa kusamala pa nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1840, wamalonda wochokera kugombe la Nyanja ya Mchere, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota ndipo anadziwika ndi dzina lakuti Jumbe. Akapolo ambiri anaolotsedwa nyanja kuchokera kuno, n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone anaziona zimenezi pamene anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863. Izi ndi zoona ndipo sitiyenera kuzibisa. Koma wina akati, "Jumbe anali Msilamu, Jumbe ankagulitsa akapolo, choncho Asilamu ndi otero", wagwa mu msampha. Mnansi wathu amene timakoka naye khoka limodzi, amene amabwera pa maliro athu, sanagulitsepo munthu. Ndipo mfundo yoteroyo ikanakhala yoona, ikanatimanga ifenso, pakuti anthu obatizidwa a ku Ulaya anaolotsa akapolo mamiliyoni ambiri pa nyanja ya Atlantic.

Eklezia mwini wake anakonza kaganizidwe kotere pa Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican. M'chikalata chotchedwa Nostra Aetate cha mu 1965, anaphunzitsa kuti zimene zinachitika pa masautso a Ambuye Yesu sizingasenzetsedwe Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena a masiku ano, ndipo anayankhula za Asilamu mwaulemu. Mlandu ndi wa amene anauchita.

Wina anganene kuti, "Nanga si akulu anati nsomba ikaola imodzi zaola zonse?" Mwambiwu ndi chenjezo kwa ife eni ake kuti tisamale mbiri ya banja lathu ndi anzathu oyenda nawo. Si chilolezo choweruzira ena. Ngakhale mayi wogulitsa nsomba uja, akapeza imodzi yoola sataya mtanga wonse. Amaziona imodziimodzi.

Msampha wachitatu: kunyengedwa ndi maina

Maina amatisokoneza m'njira ziwiri. Nthawi zina dzina limodzi limabisa anthu ambiri. Dzina lakuti Jumbe linali la udindo, ndipo analitenga anthu angapo motsatizana. Jumbe amene anapangana ndi Harry Johnston mu 1889 sanali Salim bin Abdallah. Zili chimodzimodzi ndi maina a ufumu onga Malengachanzi, Mwadzama ndi Kanyenda: wolowa ufumu amalowa dzina, koma ndi munthu wina. M'Malembo Oyera muli atumwi awiri a dzina lakuti Yudasi, n'chifukwa chake Yohane Woyera, pa mutu 14 ndime 22, anachita kufotokoza kuti amene akumutchulayo si Iskariote.

Nthawi zina ndi maina awiri amene amabisa chinthu chimodzi, monga Chekechani ndi Puikani, kapena Simoni ndi Petulo. Pano m'mbali mwa nyanja tili ndi chitsanzo chokhudza mphika wathu. Msodzi akhoza kunena kuti, "Ine sindinaphe chambo, ndapha kasawala." Koma kasawala ndi ana a chambo. Dzina lasintha, nsomba ndi yomweyo. Wotola kasawala ndi ukonde wa maso aang'ono, kapena ndi neti yotetezera udzudzu, akutola chambo cha chaka chamawa.

Nkhaniyi si yaing'ono. Dzina lakuti chambo limaphimba mitundu itatu ya nsomba imene akatswiri amaitchula kuti Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Mu 2018, bungwe la IUCN, limene limaunika zamoyo za pa dziko lonse, linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zili pa chiopsezo chachikulu cha kutheratu. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, motero wopha mayi pa nyengo yoswana wapha ndi ana omwe. N'chifukwa chake pamakhala nthawi yotseka nyanja, makamaka mu Novembala ndi Disembala. Wonena kuti "nsomba ndi nsomba" kapena "ukonde ndi ukonde" akugwiritsa ntchito dzina la gulu pofuna kufafaniza kusiyana kumene lamulo ndi chikumbumtima zikuona.

Funso limene aphunzitsi amakumana nalo

Aphunzitsi ambiri a katekisimu anafunsidwapo funso ili: "Mukuti Atate ndi Mulungu, Mwana ndi Mulungu. Ndiye kuti Atate ndi Mwana?" Funsoli si lachilendo. M'zaka za m'ma 200, Sabellius anaphunzitsa kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi maina atatu chabe a Munthu mmodzi, ndipo Eklezia anakana chiphunzitso chimenecho. Utatu Woyera suli ngati Malawi, Nyasa ndi Niassa.

Koma pano tichenjere. N'kosavuta kuthamangira kuyankha kuti, "Zili ngati chambo ndi mlamba, zonse ndi nsomba koma n'zosiyana." Yankho limeneli ndi lolakwikanso, chifukwa likusandutsa Mulungu kukhala mtanga wokhala ndi milungu itatu. Tomasi Woyera wa ku Akwino, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti Mulungu sali m'gulu lililonse. Msonkhano Wachinayi wa ku Lateran wa mu 1215 unafotokoza kuti aliyense mwa Anthu atatuwa ndi Mulungu mmodzi yemweyo, ndipo kusiyana kwawo kuli pa ubale wawo: Atate amabala, Mwana amabadwa, Mzimu Woyera amachokera kwa Atate ndi Mwana.

Tsono mphunzitsi ayankhe motani? Anene kuti mawu akuti "mmodzi" ndi mawu akuti "atatu" akuyankha mafunso awiri osiyana. Tikafunsa za umulungu, yankho ndi mmodzi. Tikafunsa kuti "ndani", yankho ndi Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Sitikunena kuti Anthu atatu ndi Munthu mmodzi, kapena kuti Mulungu mmodzi ndi milungu itatu. Kufotokoza kotere sikumaliza chinsinsi cha Utatu Woyera, koma kumaonetsa kuti sitikudzitsutsa tokha. Ndipo mphunzitsi wanzeru amavomereza poyera kuti chitsanzo chilichonse chochokera m'zolengedwa chili ndi malire.

Magulu si oipa

Tisamve ngati kuti kuika zinthu m'magulu n'kulakwa. Popanda magulu sitingathe kuganiza kapena kuyankhula. Msodzi amene amadziwa kuti mwera ndi mphepo yoopsa sadikira kuti aone ngati mwera wa lero ndi wofatsa. Mayi amene amadziwa kuti ng'ona ndi nyama yolusa salola mwana kusamba m'bango. Ndiponso chimene chili choona pa gulu lonse chimatsikiradi kwa aliyense wa m'gululo. Ngati munthu aliyense ali ndi ulemerero wake, ndiye kuti agogo aja ali nawo, mlendo uja ali nawo, wakuba wogwidwa uja ali nawonso. Imeneyi ndi mfundo yolondola, pakuti ikuyenda kuchoka pa "onse" kupita kwa "uyu".

Cholakwika ndi kuyenda chammbuyo, kuchoka pa "uyu" kupita pa "onse", kapena kudumpha kuchoka kwa "uyu" kupita kwa "uyo" chifukwa chongoti ali mu mtanga umodzi. Munthu amalowa m'magulu ambiri pa nthawi imodzi: akhoza kukhala Mchewa, msodzi, kholo, wamasiye, woimba kwaya. Zonsezi n'zoona pa iye, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chili iye wathunthu. Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa kunamizira mnzathu, limaswedwa osati ndi bodza lamkunkhuniza lokha, komanso ndi chigamulo chothamangira chomangidwa pa mfundo zoona zolumikizidwa molakwika.

Mafunso atatu oyenda nawo

Choncho, abale ndi alongo, tikamva chiganizo chokhala ndi liwu lakuti "ndi", makamaka chikakhala chonena za munthu, tidzifunse mafunso atatu. Loyamba: kodi akutanthauza "mmodzi mwa" kapena "yemweyo"? Lachiwiri: nditatembenuza chiganizochi, chikhalabe choona? Lachitatu: kodi akunena za onse, za ena, kapena za mmodzi yekha? Kufunsa kotere kumatenga kanthawi kochepa, koma ndi kanthawi kameneko kamene khamu lokwiya silikhala nako. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati pa mlatho wa Chia timatha kuitembenuza nsomba n'kuiyang'anitsitsa tisanapereke ndalama, mnansi wathu ayenera kulandira chisamaliro choposa pamenepo tisanamutchule dzina.

Zokambirana m'Miphakati

1. Ndi mawu ati amene timamva m'mudzi mwathu oweruza gulu lonse chifukwa cha munthu mmodzi? Tiwayese ndi mafunso atatu aja.

2. Kodi pali okalamba kapena alendo pakati pathu amene akunenedwa popanda umboni? Mphakati wathu ungawateteze bwanji mphekesera isanakule?

3. Ndi pa zinthu ziti pamene timasintha dzina la chinthu, monga "kasawala" m'malo mwa "chambo", pofuna kutonthoza chikumbumtima chathu?